Chitambala cha Mfumukazi ya a Nyirenda

Lachiwiri la sabata yathayi ndinaona bambo wamkulu atagwira mpeni pamutu pa kachidole ka mtengo. Imani ndikuuzeni mmene tinafikira pamenepo.

Pasukulu ina ya sekondale kuno ku Lundazi pali kagulu ka ana osewera tchesi, masewera aja a nkhondo ya mafumu awiri pathabwa. Amawaphunzitsa ndi a Mwale, mphunzitsi wa mbiri yakale wochokera ku Chipata. Ine ndikaweruka ndimapitako kukaonerera. Tizidole tawo ta pulasitiki tinatha kutayika. Hatchi imodzi inali chitsekerero cha botolo, bishopu anali batire yakutha ya wailesi.

Ndiye a Mwale anaganiza zosemetsa tina ta mtengo, koma tovala ngati makolo athu akalekale, Angoni asanafike, Mzungu asanaponde kuno. Ntchitoyo anaipereka kwa a Nyirenda a ku Mphamba, mmisiri wa mipini, mitondo ndi mipando. Anapangana kuti Loweruka tizidoleto tikaonetsedwe pa chionetsero cha zaulimi pa Boma.

Lachiwiri lija a Nyirenda anafika pa njinga, katoni itamangidwa ndi mphira kumbuyo.

"Monire, asambizgi," anapereka moni kwa mphunzitsiyo m'Chitumbuka.

"Yewo, adada. Masulani tione."

Mbali ina anasema ndi mlombwa, ina ndi mtengo woyera. M'malo mwa nsanja anaika nkhokwe. M'malo mwa hatchi anaika mbidzi, pakuti hatchi makolo akanaitenga kuti? Ana anaomba m'manja. Kenako a Mwale ananyamula mfumu, naitembenuza.

"Adada, uyu ni Mngoni. Nthenga izi na chishango zabwela dzulo lomweli. Ife tifuna nthawi ya uta na mivi, mfumu ya mphande pakhosi."

"Nanga pa Independensi savala telo onse?"

"Ndiye matenda ake amenewo."

A Nyirenda anaseka. "Nthenga ni za nkhuku, asambizgi. Tizazula." Anakhala pa chitsa, natulutsa mpeni, ndipo posakhalitsa mafumu onse awiri anali atathotholedwa ngati atambala a pa Khrisimasi.

Zinthu zinalimba pa mfumukazi. Mafumukazi onse awiri anavala chitambala.

"Ichinso chichoke," anatero a Mwale. "Chitambala chinabwela na masitolo na mishoni. Amayi akale anali kumeta, kudzola mafuta a nsatsi, kuvala chiwondo cha makungwa na mikanda."

"Mfumukazi mutu mbee pamaso pa anthu? Ngakhale ku chigayo mkazi sapita telo."

"Adada, nikaika ichi patebulo, nilembe kuti makolo akale, ninama kwa ana anga. Sinizachita."

Pano ndiime pang'ono, chifukwa a Mwale sanalakwe. Kodi ndi kangati mwaona sewero la ana asukulu lonena za makolo? Aliyense, kaya akusewera Mchewa, kaya Mtumbuka, kaya Msenga, amamangidwa nthenga kumutu ndi chikopa cha mbuzi m'chiuno. Chikopa chikasowa amang'amba thumba la feteleza. Atsikana amafunda zitenje, zina za nkhope ya chipani, n'kumati ndi mmene ankavalira amayi a nthawi ya Kalonga. Ife makolo timakhala pa benchi n'kumalulutira.

Mwana samakumbukira zimene analemba m'kope. Amakumbukira zimene anagwira ndi dzanja. Akasuntha mfumukazi ya chitambala zaka zitatu, adzakula akulumbira kuti dziko linalengedwa ndi chitambala kumutu. Kale lathu ambirife limathera pa agogo athu. Kuseri kwa agogo kuli mdima, ndipo mumdimamo timangoveka anthu chilichonse chimene chili pafupi.

Zonsezi ndimazivomera. Koma maso anga anali pa dzanja la a Nyirenda.

Ine ndinaleredwa ndi agogo, ndipo mwana wokulira pakhomo lotere amaphunzira msanga kutseka pakamwa n'kumayang'ana. Ndinaona kuti asilikali khumi ndi asanu ndi mmodzi a pathabwa paja aliyense anali ndi nkhope yakeyake, wina wamasaya, wina wa mphuno yopindika. Koma mafumukazi awiri aja anali munthu mmodzi. Mphini ziwiri patsaya. Mlomo wapansi wotulukirako pang'ono. Ndipo mfundo ya chitambala sinali kumbuyo kapena pamphumi monga amangira ambiri. Inali pamwamba pa khutu lamanzere.

Mfundo yotero munthu sangoiganiza. Amakhala kuti anaiona m'mawa uliwonse.

A Nyirenda anaika mpeni pamfundo paja. Sanadule. Anauchotsa, naubwezanso. Ine, amene ena mwa ana aja amayesa sinditha kulankhula, ndinamva mawu anga akutuluka.

"Adada, ni ndani ameneyu?"

Anatembenukira kwa ine.

"Ni Nyazimba, amake ŵana ŵanga. Anatisiya mvula yathayi. Chithunzi tilibe. Cha pachitupa chinadyeka na chiswe." Anapukuta kankhope kaja ndi chala. "Sininafune kusema iye. Manja anapita okha."

A Mwale anavula magalasi, nayamba kuwapukuta ndi tayi ngakhale anali oyera.

"Pepani, adada. Bwezani mpeni."

Mwina mukuyesa kuti apa mphunzitsi anagonja. Ayi. Anati mutu wa Nyazimba palibe adzaukhudze, komanso bodza patebulo lake saika. A Nyirenda aseme mafumukazi ena awiri, ometa. Koma mlombwa wouma unatsala chidutswa chimodzi chokha, masiku anali atatu, ndipo mtengo wauwisi umang'aluka. Yotheka inali mfumukazi imodzi basi.

Loweruka ndinawapeza pa Boma, pakati pa tebulo la nshawa, mtedza uja, ndi khola la mbuzi. Mbali ya mlombwa panaima mfumukazi yatsopano, yometa bwino, chiwondo chitadutsa m'khwapa, mikanda m'khosi. Mbali yoyera panaima Nyazimba ndi chitambala chake. Kutsogolo a Mwale analemba pakatoni: "Mmodzi mwa amayi awiriwa ndi wa nthawi ya makolo akale. Ndi uti, ndipo mwadziwa bwanji?"

Ndinaima pamenepo mpaka dzuwa linapendeka. Ambiri analoza wa chitambala, osaganiza kawiri. Mayi wina wa ku Chikomeni, wa umanyano, gulu la amayi a kutchalitchi, anakwiya ndithu.

"Uyu wometa ni wamaliro kapena ni wodwala? Mfumukazi ni iyi, yaulemu!"

A Mwale anafotokoza za makungwa osulidwa ndi za nsatsi mpaka mawu anasasa. Ena anamva, ena anapita akupukusa mutu. Ndikuganiza kuti tsiku limenelo anaphunzitsa mbiri yakale kwa anthu ochuluka kuposa a m'kalasi mwake chaka chonse. A Nyirenda anaima kumbuyo, dzanja lili m'thumba la jekete. Nyazimba wina uja, wa mlombwa, anali mmenemo.

Choncho kwa inu aphunzitsi ndi ena odziwa zakale ndikuti: konzani, musaleke. Zulani nthenga pamene sipayenera nthenga. Koma munthu akakakamira chovala cholakwika, musafulumire kumuyesa mbuli. Yambani mwafunsa kuti pansi pa chovalacho pali ndani.

Nditabwerera kunyumba ndinatsegula chitini cha agogo. Muli chitambala chobiriwira, chothetheka m'mphepete. Ndi chokhacho chimene amayi anga anandisiyira. Anamwalira ndili ndi zaka zitatu, ndipo nkhope yawo sindiidziwa. Agogo ankachichapa kamodzi pachaka, n'kuchipinda, n'kuchibwezera. Zaka zonse zimene ndinakhala nawo ndinkangoyang'ana, osafunsa. Tsopano nawonso anapita.

Ndinachikulunga pabondo langa ngati pamutu, ndikuyesa kumanga mfundo. Kumbuyo. Pamphumi. Pamwamba pa khutu. Paliponse inkaoneka yabwino, ndipo palibe wondiuza kuti apo walakwa.

Inu amene amayi anu akadali moyo, musatembenuke kuwayang'ana. Ndiyankheni muli pomwepo: mfundo amamangira mbali iti?