Matimati a m'mapaipi a Yotam Tembo

A Yotam Tembo a ku Champhira analima fodya mpaka nthaka inatopa, dimba nalonso linauma. Ali ndi imvi kale, anakaphunzira ku Mzimba boma kulima ndiwo popanda dothi: mapaipi obowola, madzi osakaniza ndi chakudya cha mbewu, mizu ili lende m'madzimo. Kuyambira pamenepo ntchito yawo inali kuyenda pa njinga m'masukulu, kuphunzitsa ana ndi aphunzitsi omwe. Munda analibenso. Mapaipiwo ndiwo anali munda wawo.

Pasukulu ina ya kufupi ndi kwawo makolo sanakondwe. Inali nyengo yosankha fodya, ndipo ankafuna ana m'zigafa, osati pa matimati okhala m'madzi ngati achule. Komiti ya sukuluyo inalola monyinyirika: matimati akabereka, a Yotam apitirize, akafa, achotse mapaipi awo.

Lamulo la a Yotam linali limodzi. Wochokera kuchigafa asakhudze mbewu asanasambe m'manja ndi sopo, chifukwa fodya ali ndi matenda oyenda ndi manja. Ana anamvera. Sopo ankakhala pakhomo, m'chitini.

Tsiku loonetsa makolo, anthu anabwera kuchokera m'zigafa, zala zili bii ndi utomoni. Palibe amene akanauza madoda kuti asambe ngati ana. A Yotam anawaletsa kulowa pakati pa mapaipi, koma moni sakanaukana. Anagwirana chanza ndi aliyense, yewo, yewo, mzere wonse. Kenako, ndi manja omwewo, anawaonetsa kaduliridwe ka mphukira, tsinde ndi tsinde.

Patapita masabata, mayi Keziya, mphunzitsi wa zaulimi, anaitanitsa a Yotam. Masamba anali ndi mawanga achikasu, akunsonga atapotana.

"Adada, kapena chakudya chachepa m'madzimu?"

"Si chakudya. Ndi fodya basi, mbwenu. Mankhwala ake kulibe."

Mayiwo anati afunsa ana kuti sanasambe ndani. A Yotam anati ana asawavutitse. Anayang'ana manja awo, nayamba kuzula kuyambira paipi yoyamba. Komiti sanaidikire.

Ali mkati mozula, mayi Keziya anawafunsa za mbande zimene a Yotam anapita nazo kusukulu ya ku Edingeni atangobalalika makolo tsiku lija. Ana akumeneko anali ataziika kale m'mapaipi awo, pakati pa matimati ena.

A Yotam anasiya kuzula. Anasamba ndi sopo mpaka m'zigongono, natenga njinga kulowera ku Edingeni.