Chitsulo Chinkalira Bwino, Koma Nkhama Zinkatuluka Magazi

Mundikhululukire kuti ndalimba mtima kulemba. Sukulu yanga ndi ya kumudzi kuno, ndipo za mano sindinaphunzire. Ndikungofotokoza zimene zinachitika m'kamwa mwanga, mwina wina zingamuthandize.

Chizindikiro choyamba chinali magazi pang'ono pa mswachi, kumayambiriro kwa Januwale. Miyezi inayi izi zisanachitike ndinagwa pa kabaza ndikupita ndi mbatatesi ku Lizulu, dzino lakutsogolo n'kuchokeratu. Achimwene anga amene amagwira ntchito ku Joni anakonza zoti ndipite ku chipatala china cha mano ku Lilongwe. Kumeneko anandiika kachitsulo konga sikuluwu m'fupa la nsagwada. Anati fupa likakagwira bwino, adzamangirapo dzino lopanga.

Mwezi uliwonse ndinkapita kukayezetsa. Tinkadikira pa benchi mpaka dzina liitanidwe. Adokotala ankamangirira kandodo kakang'ono pa chitsulocho, n'kuyandikiza kamakina kamene kankalira n'kuonetsa nambala. Nambala ikakwera, ndiye kuti chitsulo chalimba. Koma ndinaona kuti akayeza chakutsogolo inkatuluka nambala ina, akayeza cham'mbali inanso. Tsiku lina anayeza adokotala ena, ndipo inasinthanso. Ndinkadzifunsa kuti yoona ndi iti. Sindinafunse mokweza. Ankati, "Zili bwino, chemwali," ine n'kuyankha kuti zikomo.

Kunyumba kunali woyeza wina. Agogo anga aamuna anagwirapo ntchito m'migodi ya ku Joni, ndipo ntchito yawo inali yogogoda denga la mgodi ndi mgwala, chitsulo chachitali chotegulira miyala, kumvetsera ngati mwala wamasuka. Makina a ku Lilongwe sankawakhulupirira. Lamulungu lililonse tikachoka ku tchalitchi ankati, "Nangozo, yasamula." Ankagogoda chitsulocho ndi chogwirira cha supuni, khutu atayandikiza. Chinkalira kuti ngwe, ngwe, iwo n'kunena kuti, "Chagwira ichi. Chikanamasuka chikanalira ngati dzungu."

Motero makina ankati zili bwino, supuni inkatinso zili bwino. Koma mu Febuluwale nkhama zinatupa kuzungulira chitsulocho. M'mawa ndinkamva kukoma koipa m'kamwa, ndipo ndikadina ndi chala pankatuluka timafinya. Ululu sunali waukulu, unkangoguguda chapansipansi. Ndinayamba kukayikira onse, adokotala kuti mwina akufuna kungomaliza nane, agogo kuti mwina khutu lawo lakalamba. Kenako ndinayamba kudzikayikira ndekha. Ndine ndani kuti nditsutse makina? Achimwene akaimba foni ndinkawauza kuti ndikupeza bwino, poopa kuti angaone ngati thandizo lawo lapita m'madzi. Ndinasiyanso kutsuka pamalopo chifukwa cha magazi aja, ndipo uku kunali kulakwa kwanga kwakukulu.

Tsiku lina pamsika mayi wina wogula anabweza mutu chifukwa cha fungo la m'kamwa mwanga pamene ndinkamuuza mtengo. Mawa lake ndinapita ku chipatala cha pa boma ku Ntcheu. Ndinadikira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Mayi woona za mano sanayambe ndi chitsulo ayi, anayamba ndi ine. Anafunsa kuti magazi anayamba liti, ndipo ndinanena zonse. Analowetsa kachitsulo kopyapyala pakati pa nkhama ndi sikuluwu ija, ndipo kanalowa kwambiri. Anandilembera kalata yoti ndibwerere nayo ku Lilongwe akajambule.

Chithunzi chinaonetsa kuti fupa la kumtunda kwa sikuluwu linayamba kudyeka ndi matenda, koma kunsonga inali yogwirabe. Adokotala anayezanso ndi kamakina kaja, nambala n'kutuluka yabwino ndithu. Anandiyang'ana nati, "Makinawa amangondiuza ngati chitsulo chikugwedezeka. Samaona mafinya. Mukanandiuza kale." Anatinso ndikanachedwa, chitsulo chikanazulidwa.

Anatsuka pamalopo atandibaya jakisoni wochititsa dzanzi, n'kundipatsa mapiritsi ndi mankhwala ochukucha m'kamwa. Anandiphunzitsa kutsuka ndi kamswachi kakang'ono, ngakhale patuluke magazi. Ndinapitako katatu. Kutupa kunaphwa, fungo linatha.

Ndinawafotokozera agogo zonsezi. Kenako anati, "Ku mgodi tinkadziwa kuti mwala ukakhala waukulu kwambiri, umalira bwino ngakhale utamasuka. Umenewo ndiye unkapha anthu. Ndinaiwala, Nangozo." Supuni ija sanaitengenso.

Lero ndikudya bwino, ndipo ndikulankhula ndi ogula osaphimba pakamwa. Sindikunena kuti makina ndi abodza. Amayankha funso limodzi lokha, ena onse ayenera kuyankhidwa ndi mwini kamwa. Mukaona magazi, kutupa kapena fungo, pitani msanga, ndipo mukanene ngakhale asanakufunseni.

Dzino lopanga analimangirira pa chitsulo chija Lachitatu lotsatira Pasaka wa chaka chino, nthawi ya m'mawa.