Thireyi ya Maluwa Ofiira

Ntchito yanga ndi yowongola galimoto pano pa Golomoti. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, koma chitsulo ndimachiwerenga kuposa ahedi. Ndikangoyendetsa chikhatho pachitseko cha galimoto yakale, ndimakuuzani kuti mwini wake woyamba anali waulesi, wachiwiri woumira, wachitatu chidakwa.

Chaka chatha, mpunga utangokololedwa ku Bwanje, anafika bwana wina wa ku Lilongwe atakoketsa pikiapu yakalekale, ya mphuno yozungulira ija. Anaipeza ku Mua itagona pansi pa mango, nkhuku zikuikiramo mazira. Akuti malemu bambo ake anali ndi yotere.

"Madala, ndikufuna ibwerere mmene inachokera kufakitale. Zonse zimene anthu anamatamo muchotse."

"Bwana, ndikachotsa zonse mutsala ndi hutala yokha."

Anaseka, nandisiyira galimotoyo.

Nditayamba kupala penti ndinaona zodabwitsa. Pamadigadi wina anatseka bowo ndi simenti, simenti yeniyeni yomangira nyumba, atayala waya wa khola mkati. Pachitseko panali chitini cha mafuta ophikira chochita kuphwanyidwa ndi mwala. Kumbuyo, kumene madzi a nsomba anadya chitsulo chonse, wina anakhomako thabwa la bwato n'kupaka phula. Ndinkaitana anzanga a pabawo kuti adzaone, n'kumawatukwana amisiri amenewo mmodzimmodzi. Tinkaseka mpaka kutsokomola.

Tsiku lachinayi ndinafika pansi, popondera dalaivala. Pamenepo chigamba chake chinali chaudongo, mariveti ali ndondondo ngati mano a mwana. Ndinati, uyu yekha ndiye anali munthu. Ndinadula marivetiwo, n'kutembenuza chigambacho, n'kupukuta dzimbiri ndi malaya. Panatuluka maluwa ofiira, atatu, ndi theka la lachinayi pomwe panadutsa sizasi.

Ndinakhala pansi padothi. Sizasiyo inali yanga.

Chigamba chija chinali chidutswa cha thireyi. Thireyi imeneyo mkazi wanga anapatsidwa ndi amayi ake tsiku la ukwati wathu. Sankaikapo kanthu. Inkangokhala pakhoma, kutsika pokhapokha kukabwera alendo a ulemu wawo. Masiku amenewo ndinali ndisanagule zowotcherera, ndipo wamalonda wina wa nsomba anandibweretsera pikiapu yoti dalaivala akuona msewu pakati pa miyendo yake. Ankaifuna tsiku lomwelo. Lata ndinalibe. Mkazi wanga anali kudimba. Ndinayang'ana pakhoma, thireyi nayo inandiyang'ana.

Sabata yomweyo mng'ono wake wa mkazi wanga, amene tinkamusunga pakhomo, anakwatiwa ku Mtakataka, nanyamula katundu wake. Mkazi wanga ataona khoma lili mbee, sanafunse munthu. Anangoti, "Mwana uja ndamulera ine, lero wandibera za amayi."

Ndinali pomwepo, ndikudya chinangwa. Ndinene zoona, poyamba zinandiseketsa. Ndinati ndiulula mawa mtima ukatsika. Mawa lake anali atatuma kale mawu ku Mtakataka, ndipo mawu amene anabwerako anali owawa kuposa amene anapita. Ndinati ndidikire mwezi. Mwezi utatha, kuulula kunasanduka chinthu chachikulu kuposa thireyi. Ana anabadwa, anakula, anakwatira. Mkazi wanga ndi mng'ono wakeyo ankangopatsana moni pamaliro, moni wa nsonga za zala.

Mkazi wanga anatisiya dzinja la dzana. Mlamu wanga anabwera, analira kuposa tonse. Koma pogawa zovala za malemu, atamupatsa chitenje, anabweza manja kumbuyo. "Ayi, ndingadzatchedwenso wakuba." Apanso ndinali pomwepo. Ndinayang'ana zala zanga zakumapazi.

Chigamba chija ndinakhala nacho masiku atatu. Ndikanatha kuchiponya pamulu wa zitsulo, ogula sikirapu n'kutenga, nkhani n'kuthera pomwepo. Tsiku lachinayi ndinachikulunga m'nyuzipepala, n'kukwera minibasi ya ku Mtakataka.

Mlamu wanga ndinamupeza akuanika mpunga pamkeka. Ine ndi iyeyu, ngakhale zinthu zinali choncho, chilamu chathu sichinafe. Atangondiona anayamba.

"Alamu, mwabwera kudzandifunsira? Mwachedwa, mano anatha."

"Inenso anatha, tizidzangomwa phala."

"Nanga mwanditengera chiyani m'pepalamo? Sopo?"

Ndinamupatsa. Anamasula pang'onopang'ono, nayang'ana maluwa aja, nayendetsa chala m'mabowo a mariveti. Sanafunse kuti n'chiyani. Ndinafotokoza zonse, za wansomba uja, za sizasi, za chinangwa. Pakamwa pangapa sipamva, ndinayesa kuikapo kanthabwala, kuti thireyi yayenda dziko lonse kuposa eni ake. Sanaseke.

"Achemwali anapita akudziwa?"

"Ayi."

"Ngakhale muja ankadwala, miyezi yonse ija muli pambali pawo?"

"Ayi."

Nkhuku zinalowa pampunga, sanazipirikitse. Kenako analowa m'nyumba, natulutsa mpando ndi madzi akumwa, nagwada pondipatsa monga amachitira kwa mlendo wosamudziwa.

"Imwani, bambo."

Bambo. Zaka zonsezi sanandiitanepo choncho.

"Ine mwandiuza, ndamva," anatero. "Koma amene anandiyesa wakuba si inu. Pitani mukawauze eni ake. Mukanene mokweza, kuti amve." Chigambacho anachibwezera m'nyuzipepala, nachiika pamiyendo panga.

Galimoto ija ndinaimaliza. Pansi pake ndinawotcherera lata latsopano, losalala, ndipo bwana uja ataiona anandigwira dzanja kawiri. Anafunsa ngati ndinapezamo zachilendo. Ndinamuuza za simenti.

Kwathu kuno kumanda salowako wamba, ngakhale kuli mkazi wako. Umadikira maliro. Ndiye ndikudikira. Mwezi wathawu kunagwa maliro m'mudzi, ndinapita nacho chigambacho m'jekete, ndinafika mpaka pamtumbira wa mkazi wanga. Koma anthu anali ponseponse, adzukulu akukwirira chapafupi, ndipo mlamu uja anati ndikanene mokweza. Ndinangozulapo udzu, n'kubwerera ndi anzanga.