Pepala Lolembedwa Kuti "Chitani Lero"

Funso limene ndikufuna kuyankha ndi ili: zimatheka bwanji kuti munthu wophunzira, amene waona chizindikiro cha chinyengo ndi maso ake, apereke yekha kiyi kwa wakuba?

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza mu Okutobala 1999 kudzera mwa malume anga, amene anali sikauti woteteza nyama zakutchire ku Lupande. Iwo anamva kuti loji ina pafupi ndi Mfuwe ikufuna kalaliki wodziwa kompyuta. Ndinapita ndi dipuloma yanga mu envulopu, ndipo oyang'anira, Mayi Sakala, anandilemba pa miyezi itatu yoyeserera.

Kagwiridwe ka ntchito kanali kotere. Jenereta ikayaka nthawi ya teni koloko, ndinkalumikiza modemu ku waya wa foni, n'kuyembekezera kuti ilire mpaka igwire. Ndinkakopera maimelo onse, kuzimitsa modemuyo msanga, kenako kusindikiza uliwonse papepala. Mayi Sakala sankakhudza kompyuta. Ankawerenga mapepalawo n'kulemba chochita pamwamba ndi bolopeni yofiira. Makalata ambiri anali a alendo osungitsa malo a nyengo yachilimwe, ndipo chiwerengero cha alendowo ndicho chinkanena kuti antchito angati a m'midzi adzaitanidwa mu Juni. Mmodzi mwa iwo anali a Tembo, ophika a ku Nsefu, amene ankabwera panjinga kudzafunsa: "A Dipuloma, makina anuwo akuti bwanji? Tidzaphika chaka chamawa?"

Pakati pa Disembala kunafika uthenga wooneka ngati wochokera ku kampani imene inkatipatsa intaneti. Unali ndi chidindo chawo. Unkati makompyuta adzasokonezeka chaka cha 2000 chikamalowa, choncho tilowe pa tsamba lawo ndi dzina ndi pasiwedi yathu pasanathe masiku awiri, apo ayi bokosi lathu la maimelo litsekedwa. Mantha amenewo anali paliponse nthawi imeneyo. Pepalalo linabwerera lili ndi mawu awiri ofiira: "Chitani lero."

Nditatsegula tsambalo, ndinaona kuti adiresi yake pamwamba inali manambala okhaokha, yopanda dzina la kampaniyo. Papepala zimenezi sizinkaoneka. Ndinapita kwa oyang'anira.

"Amayi, adiresi ija ikundikayikitsa. Bwanji tiyambe tawaimbira?"

"Kuimbira ku Lusaka kuti atiuze zimene atilembera kale? Chidindo chawo si ichi?" anatero akugogoda pepalalo ndi chala. "Mukufuna pa wani Januwale tidzuke opanda imelo? Pamenepo mudzayankha ndinu."

Ndinali nditatsala ndi milungu inayi kuti anditsimikize pa ntchito. Ndinalingalira kuti ndikakana, bokosi n'kutsekedwadi, mlandu udzakhala wanga ndekha, pamene ndikamvera, mlandu udzakhala wa pepala. Ndinabwerera pampando, ndinalemba pasiwedi, ndinadina. Tsambalo linangoti zikomo.

Madzulo omwewo kunagwa chimvula, mtengo unagwera waya wa foni. M'mawa mwake jenereta inayaka, modemu inangoti zii. Pamenepo kukayika kwanga kunali kutasanduka chitsimikizo, koma ndinalibe njira yosinthira pasiwedi. Tinalankhula pa wailesi ya mauthenga ndi mnzathu wa ku Lusaka, iye n'kuimbira kampaniyo. Yankho linali lakuti sanatumize uthenga wotero, ndipo sangasinthe kanthu popanda kalata yosainidwa. Msewu wa ku Chipata unali utaduka, ndipo ndege yotsatira inali patali masiku asanu. Tsiku lililonse pa teni koloko ndinkakhala patsogolo pa kompyuta yosalankhula, ndikudziwa kuti kwinakwake munthu akuwerenga makalata athu ndi kuyankha m'dzina lathu. Mayi Sakala ankadutsa pakhomo osalowa.

Kalata yathu itapita pa ndegeyo, bokosi n'kubwezedwa, tinapeza kuti wakubayo analembera alendo athu kuti loji yasintha banki, atumize malipiro kwina. Ena anatumizadi, ena anakayikira n'kusungitsa malo ku maloji ena.

Ndikayeza zifukwa zake lero, ndimapeza zitatu. Wolamula ankaona pepala lokha, pamene woona adiresi analibe mphamvu yokana. Uthengawo unatipatsa masiku awiri dala, kuti mantha afike msanga kuposa funso. Chachitatu ndi changa: ndinkateteza dzina langa m'malo moteteza bokosilo. Kuyambira pamenepo sindilemba pasiwedi pa tsamba limene ndafikapo kudzera mu uthenga. Ndimalemba adiresi ndekha, ndimaiwerenga yonse, ndipo uthenga ukandifulumizitsa ndimaimbira eni ake pa nambala imene ndinali nayo kale. Chidindo aliyense angathe kukopera.

Mayi Sakala sanandichotse ntchito. Anachotsa pepala lija mu fayilo, analiyang'ana kwa nthawi yaitali, n'kuloza mawu ofiira aja, n'kunena kuti, "Dzanja ili ndi langa." Kenako anakoka mpando n'kukhala pambali panga kuti ndiwaonetse pamene adiresi imaonekera.

Zinathera motere. Bokosi linakhala m'manja mwa wakuba masiku asanu ndi anayi. Mwa magulu makumi awiri ndi awiri a alendo, asanu ndi awiri sanabwere. Mwa antchito khumi ndi anayi a m'midzi, mu Juni tinaitana khumi. A Tembo sanali pa mndandandawo, ndipo kalata yowadziwitsa ndinaitayipa ndine.