Mbuzi ya Pulojeto pa Maliro a Achimwene

Ndinadzuka kusanache, tambala woyamba atangolira. Ndinali nditangotsinzina pang'ono pamphasa, pakati pa amayi amene anachezera kuimba pa siwa ya achimwene anga. Moto wa abambo panja unali utasanduka phulusa. Kulira koyamba kumene ndinamva sikunali kwa munthu, kunali kwa mbuzi kuseri kwa nyumba. Ndinapita kukaithyolera masamba, poti mwini wake sakanatha kutuluka.

Mbuziyo inali ya alamu anga, mkazi wa malemuwo. Titabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, alamuwo anaponda mina, mabomba aja okwirira pansi, akutola nkhuni. Mwendo unadukira m'bondo, ndipo khasu analisiya tsiku lomwelo. Achimwene ndiwo ankalima, mpaka chifuwa chinawagoneka. Kenako kunabwera pulojeto yothandiza olumala ndi amasiye a kuno ku vila ya Chifunde, n'kuwapatsa alamuwo mbuzi yaikazi. Lamulo lake linali lakuti mwana woyamba upereke kwa mnzako wa m'gulu amene akudikira, otsatirawo ndi ako. Ukaipha kapena kuigulitsa, m'gulu watuluka, osabwereranso. Alamu ankaigoneka m'nyumba kuopa afisi, ndipo madzulo aliwonse ankaisisita pamimba. Inali ndi bere lake loyamba, itatsala pang'ono kuswa.

Dzuwa linatuluka ndi ukali wake wa mvula isanagwe. Anthu anayamba kufika, apansi ndi apanjinga, ena ochokera ku Nsadzo. Amayi anaika mafuwa pansi pa mtengo wa mango n'kutereka nyemba ndi mfutso zimene akumpingo anasonkha. Ufa unalipo wokwanira. Ndinaona anthu amene sanapondepo pakhomopo pamene achimwene ankatsokomola magazi, lero atakhala kutsogolo, nkhope zitagwa bwinobwino. Maliro amaitana anthu kuposa matenda.

Adzukulu, okumba manda, anali atapita kumanda m'bandakucha. Kwathu kuno mdzukulu sakanizidwa kanthu. Nkhuku ikadutsa pamaso pake ndi yake, mwini wake n'kumangoseka. Ambiri a iwo anali anthu amene sanathawe nkhondo, amene anakhalira kubisala m'mapiri, ndipo ife obwerera ankatitcha a ku kampu, kunena msasa wa othawa nkhondo. Dzuwa litakwera anabwera awiri, makasu paphewa, fumbi mpaka m'tsitsi. Anati nthaka yauma gwa, dzenje langofika m'chiuno, ndipo nyemba sizikumba manda. Polankhulapo maso awo anali kuseri kwa nyumba.

Ndinaimirira. Mkazi salankhula pabwalo la maliro, koma ine ndinalankhula. Ndinati mbuziyo ndi ya pulojeto, ili ndi bere, ndipo ndiyo khasu lotsala la namfedwa. Wamkulu wa adzukuluwo anandiyang'ana akumwetulira.

"Amayi, inu munkadya mafuta ndi nandolo ku kampu, ife tikudya mizu kuno. Mwabwera, zinthu zikupitanso kwa inu nomwe. Ngati pulojetoyo imakukondani, iuzeni idzakumbe."

Ena anaseka. Ena anayang'ana pansi. Amalume athu anandikoka kapulana, chitenje chimene ndinavala, n'kundinong'oneza kuti ndisachititse manyazi mtundu, dzuwa likukwera, ndipo m'nyumbamo fungo layamba. Za fungozo sananame. Katekista anatsegula buku lake n'kumaliyang'anitsitsa ngati mwalowa mawu atsopano. Ndinapsa mtima, ndipo mpaka lero sindinawakhululukire anthu amenewo.

Alamu anali m'nyumba, pambali pa mtembo, atafunda kumutu. Namfedwa sakweza mawu, ndipo satuluka bokosi lisanatuluke. Khoma la nyumbayo ndi la mitengo yomata dothi, ming'alu yokhayokha. Zonse ankamva. Mbuziyo inalira kwambiri, kenako inaleka.

Adzukulu anaisendera pansi pa mango pomwepo. Atatumbula, wina anaitana anzake kuti adzaone, kenako anaponyera agalu zimene anapezamo. Ndinaona ndi maso angawa. Mayi wina wa m'gulu la pulojeto, wamasiye amene ankadikira mwana woyambayo, anaima chapatali atagwira pakamwa. Kenako anatenga mtsuko wake n'kumapita osatsanzika.

Nyama itapsa, nthaka youma ija inafewa, manda anatha msanga. Tinanyamula maliro dzuwa litapendeka. Amayi a mpingo anatsogola ndi nyimbo, mphepo yotentha ikutiwaza fumbi m'maso. Alamu anatsalira m'mbuyo ndi ndodo zawo, ine ndili pambali pawo, ndipo palibe anacheuka kuti atidikire. Pofika ife kumanda pemphero linali litayamba kale. Adzukulu anakwirira mwaluso, milomo ikung'anima mafuta, ndipo amalume anawathokoza pagulu chifukwa cha ntchito yabwino.

Madzulo anthu anabalalika. Panatsala mafuwa, mapazi pafumbi ndi chikopa chokhomedwa pankhokwe. Chingwe cha mbuzi ija chinali chikadali pachikhomo chake. Wina anawasiyira alamu mbale ya nyama pakhomo, ndipo ntchentche ndizo zinadya. Tinakhala awiri pakhonde osayatsa nyali. Patapita nthawi anandifunsa, osandiyang'ana.

"Alamu, inu munaona. Munali ana angati m'mimbamo?"

Ndinafuna kunama, koma lilime linakana.

"Awiri."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, akusisita bondo lodukalo.

"Ndiye winayo akanakhala wanga."