Nyimbo Khumi za a Macfussy

A Macfussy ayendetsa basi ya antchito a hotela ina ya ku West Bay, mumzinda wa Doha, kwa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo mpaka mwezi watha anali asanachedwepo ngakhale tsiku limodzi. Izi amanena okha musanawafunse n'komwe. Kwawo ndi ku Ntcheu, chiwongolero anachizolowerera pa minibasi za ku Limbe, ndipo ndi bambo wamfupi wokhulupirira kuti dalaivala wa nsapato zosapolisha sachedwa kuchita ngozi.

Wotchi ali nayo, koma ndi yongotchenera. Nthawi amawerengera chimbale.

Chimbalecho ndi cha mayi wina wa ku America woimba nyimbo za country, wa chipewa chachikulu ndi mawu ngati wangolandira uthenga wa maliro. Chinayenda malonda dziko lonse lapansi, moti ku Limbe chinkamveka m'mabala, m'masaluni, ngakhale m'nyumba za abusa. A Macfussy anabwera ndi CD yawo ku Doha m'thumba la jekete. Woimbayo samutchula dzina, amangoti Mayi.

Muli nyimbo khumi, ndipo iliyonse ili ndi malo ake pamsewu. Yoyamba imayamba akuliza injini ku Al Muntazah. Yachitatu ikamatha amakhala ataima ku Fereej Bin Omran, kumene amadikira antchito mpaka yachinayi ithe, kenako chitseko amatseka, wotsala atsale. Yachisanu ndi chiwiri, ya mwamuna wothawa ndi galimoto ya mkazi wake, imawapeza pa mzere wa magalimoto olowa ku West Bay. Yakhumi imathera pageti la hotela, mphindi khumi seveni koloko isanakwane.

Okwera basiyo, Anepali, Afilipino, Akenya ndi Amalawi angapo, chimbalecho chinawafika pakhosi kalekale. Wodana nacho kwambiri anali Dorcas wa ku Zomba, woyang'anira oyala mabedi, amene analemba madandaulo katatu konse. Ankati ngakhale akutsuka bafa pansanjika ya makumi atatu, Mayi uja amangomulirira m'mutu. A Macfussy ankamuyankha mofatsa kuti nyimbo zabwino zimatero.

Ndiye kampani inagula mabasi atsopano, ozizira bwino, koma opanda polowetsa CD. Zinachitikanso mwezi woipa. Yasmin, bwana wa madalaivala, anali atalengeza kuti opitirira zaka makumi asanu awonjezeredwa kontrakiti pokhapokha mbiri yawo ili yoyera. A Macfussy ali ndi zaka makumi asanu ndi zinayi, ndipo zobwerera ku Limbe kukalimbana ndi oitanira minibasi sankazifuna n'komwe.

Cassim, mlonda wogona nawo chipinda chimodzi, anawaseka kuti akudandaula zachabechabe, nawapezera chimbalecho pa foni. Chomwe awiriwa sanadziwe n'choti chimbale chikagulidwa kwambiri, eni ake sachisiya chipume. Anali atachitulutsanso ndi nyimbo zina zitatu zowonjezera, zolowetsedwa pakati penipeni.

Lamlungu m'mawa, tsiku loyamba la sabata ya ntchito, zonse zinayenda bwino mpaka ku Fereej Bin Omran. Yachitatu itatha, kunamveka nyimbo yachilendo. A Macfussy anakwinya nkhope, koma sananyamuke, poti yachinayi inali isanaimbidwe. Kunabwera inanso yachilendo. Anthu onse anali atakwera, ena akuloza mawotchi, wina akufuula m'Chiarabu kuti yalla, tiyeni tizipita, koma bambo aja anangopinda manja kudikira nyimbo yawo. Anafika atachedwa ndi mphindi khumi ndi zinayi, ndipo Yasmin anawauza mwachidule kuti akadzabwerezanso, khalas, ntchito yathera pomwepo.

Zinawapweteka kwambiri. Cassim anati azichotsa nyimbo zowonjezerazo, si ntchito ya mphindi ziwiri n'komwe, koma a Macfussy anakana kwamtuwagalu. Anati chinthu chomwe chawanamiza kamodzi sangachipatsenso basi ya anthu makumi atatu.

Lolemba ananyamuka muli zii. Anayesa kudalira wotchi, koma wotchi inkangowauza nthawi, osawauza ngati ali pamalo oyenera. Anafika pa maloboti oyamba. Pamenepo anayamba kuimba okha nyimbo yoyamba, chapansipansi, ndi mawu ngati wilibala yopanda girisi. Yoyamba inatheka. Pakati pa yachiwiri mawu anawathawa. Zaka zonsezi ankangomvera, kuimba ankasiyira Mayi. Anabwereza mzere umodzi katatu, mantha atawagwira ndithu, ndipo basi inayamba kuyenda mokayikira.

Kumbuyo kunamveka munthu akupuma mokwiya, kenako mawu a mkazi anatola nyimbo ija pomwe inagwera. Anali Dorcas. Ankaimba nkhope ili kuwindo, tsinya lili pamphumi, koma osaphonya liwu limodzi. Afilipino awiri analowerera ndi mawu apamwamba. Mlonda wina wa ku Nepal, amene palibe anamumvapo akulankhula, anayamba kuliza gitala ndi pakamwa. Ku Fereej Bin Omran okwera anapeza yachinayi ili mkati, ndipo anangopitiriza akukhala pansi, poti nawonso ankaidziwa, kufuna kapena kusafuna.

Yakhumi inathera pageti. Yasmin anali ataima pomwepo, anayang'ana foni yake, anayang'ana basi, n'kugwedeza mutu kuti zili bwino.

Anthu anatsika mwakachetechete, aliyense akupewa maso a mnzake. A Macfussy anakhalabe atagwira chiwongolero, misozi ili lengelenge. Dorcas anatsika pomaliza, ndipo iwo anakonza kukhosi kuti amuthokoze, koma zomwe zinatuluka ndi zina.

"Chemwali, yachisanu ndi chiwiri ija munaithamangitsa pang'ono."

Dorcas anaima pakhomo la basi, nawayang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zawo zonyezimira.

"Madala, ine nyimbo zanuzi ndimadana nazo, ndipo complaint yachinayi ndilemba lero lomwe. Koma akakubwezani kumudzi atipatsa dalaivala wina, ndipo Chichewa cha m'mawa ndizilankhula ndi ndani? Akupangeni renew kaye. Mawa mundipeza pa stage, kuimbako muyambe ndinu."