Masamba Amene a Men Lodri Sanapake

A Men Lodri, ndiye kuti amake Lodri, akhala ndi zala zakuda chikwatiwire. Sopo analephera, mandimu analephera, mpaka mwana wawo Lodri anangotopa n'kuwasiya. Kudako n'kwa mtedza wa kemiri wootcha, umene amapaka pa masamba a lontar kuti zilembo zioneke. Amuna awo, a Pan Lodri, anali mlembi wa m'mudzi mwawo kum'mawa kwa Bali. Ankalemba ndi kampeni pa masamba a mgwalangwa amenewa, koma kampeni kamangocheka, sikasiya mtundu. Tsamba likachoka m'manja mwa mlembi limaoneka lopanda kanthu. Ndiye a Men Lodri ankalitikita ndi mtedza wopserera uja, n'kupukuta ndi kansalu, mawu n'kutulukira.

Ntchito yonse yokonza tsamba inali yawo: kulinyika m'madzi, kuliwiritsa ndi makungwa owawa kuti tizilombo tisalidye, kuliyanika, kulipana ndi matabwa kwa miyezi, kuliboola podzera chingwe. Anachita zimenezi zaka makumi atatu ndi zisanu osadziwa kuwerenga ngakhale chilembo chimodzi. Sizinkawadandaulitsa. Akamapukuta tsamba, mizere inayi n'kuonekera, mtima wawo unkagunda ngati koyamba.

Kenako maso a a Pan Lodri anachita khungu. Anthu anayembekeza kuti mkuluyu aika kampeni pansi, koma ayi ndithu. M'mawa uliwonse ankakhala pakhonde, tsamba m'manja, nkhope kumwamba, akucheka. Opita kuminda ya mpunga sankadutsa osaponyapo mawu.

"Akulu, mukulembera ndani, nkhuku?" ankatero a Pan Gejer oyandikana nawo nyumba.

"Ndikulembera iweyo, kuti ukadzaphunzira kuwerenga usadzasowe chochita."

Anthu ankaseka, koma akafika pokhota ankapukusa mitu. M'mudzi monse munamveka zoti mlembi uja mutu wayamba kubalalika, akungokanda masamba ngati mwana. A Men Lodri atapempha kuti apake tsamba limodzi lokha, amuna awo anakana. "Usapake kaye, amake Lodri, sindinamalize." Patatha zaka ziwiri anamwalira, n'kusiya masamba makumi anayi ndi atatu osapakidwa.

Masambawo anakhala m'kabokosi pamwamba pa kabati zaka khumi ndi ziwiri. Anthu ankati mayiwo akusunga mawu a malemu, ndipo ankawayamikira. Chilungamo chake n'chakuti ankaopa. Akanapaka n'kupeza zokandakanda zokhazokha, ndiye kuti oseka aja ananena zoona, ndipo mwamuna amene iwo ankamunyadira anatha zaka zake zomaliza ali chiseko cha mudzi. Bola osadziwa.

Tsiku lina kunabwera mayi wachitsikana dzina lake Luh Wartini, mphunzitsi wa ku yunivesite ya mumzinda. Ankazungulira midzi kufunafuna masamba akale oti akawajambule pa msonkhano wa anthu ophunzira. Lodri, amene pakamwa pake sipasunga kanthu, anamuuza za kabokosi kaja. Atakatsegula, Wartini anatulutsa tsamba lapansi n'kuliloza kudzuwa. M'mphepete mwake munali timabowo titatu.

"Agogo, tizilombo tayamba," anatero. "Zaka zisanu zikubwerazi mudzapeza fumbi lokhalokha."

"Ndiye jambulani ali choncho, mwanangu."

"Makina athu saona chimene sichinapakidwe. Bwerani mudzapake nokha pamsonkhano, anthu aone mmene mumachitira. Ambiri a iwo anangowerenga m'mabuku."

Masiku atatu a Men Lodri anakhala akulingalira zimenezi. Pa tsiku lachinayi anaotcha mtedza wodzaza chikho, naumanga m'tsamba la nthochi, nauza Lodri kuti awasitire malaya opita nawo kukachisi.

Holo ya msonkhano inali yozizira ngati m'firiji. Munali aphunzitsi ochokera ku Java, ku Lombok, ena azungu, aliyense ndi kachikwangwani ka dzina pachifuwa. Anthu ophunzira ndi odabwitsa: amatha kukangana za tsamba limodzi m'mawa wonse popanda wolikhudza. Mkulu wina wandevu anayankhula nthawi yaitali za mtedza wootcha, kuti amaupaka motani ndipo amatero chifukwa chiyani. A Men Lodri ananong'oneza Lodri kuti, "Ameneyu akapaka mmene akunenamu, tsamba lonse lidera." Lodri anawagunda ndi chigongono.

Koma pamatebulo a m'mbali a Men Lodri anaonapo zimene sanaziyembekeze. Panali masamba a zaka mazana atatu, ena mazana anayi, zilembo zake zikadali bii ngati zapakidwa dzulo. Anawerama pagalasi lotchinga masambawo, n'kuona pamene chala cha wopakayo chinatsetsereka pakona, chimodzimodzi mmene chawo chimatsetserekera. Sanaganizepo kuti kumbuyo kwawo kuli mzere wautali chotere wa anthu a zala zakuda.

Ataitanidwa kutsogolo, mtsikana wina anawapatsa magolovesi oyera.

"Ndivale kuti ndikapalire kapena?" anafunsa. Holo yonse inaseka, Wartini n'kubweza magolovesiwo.

Pamwamba pa tebulo panali kamera, ndipo zonse za patebulopo zinkaoneka pakhoma. A Men Lodri atakweza maso anaona manja awo ali aakulu ngati zitseko pamaso pa anthu mazana awiri. Anazindikira kuti ngati tsambalo lili ndi zokandakanda, manyazi amene anawabisa zaka khumi ndi ziwiri aonekera pakhomapo. Anafuna kubwerera. Koma chala chinali chitatapa kale mtedza, ndipo chala chimenecho sichinkadziwa kuima pakati.

Anatikita kuchokera kumanzere. Tsamba lonse linada. Anatenga kansalu n'kupukuta kamodzi.

Mizere inayi inatulukira pakhoma. Zilembo zinali zing'onozing'ono, zoburungika, zotsatana mwadongosolo. Mzere wachitatu unapendekera pang'ono pansi, kenako n'kubwerera m'njira yake osakhudza unzake.

"Munati analemba ali osaona?" anafunsa mkulu wandevu uja, mawu ali pansipansi.

A Men Lodri sanamumve n'komwe. Anagwira mkono wa Wartini. "Mwanangu, ine sindiwerenga. Usandinamize. Ndi mawu amenewa?"

"Ndi mawu, agogo. Ndi nyimbo."

Masamba oterewa sawerengedwa chamumtima, amaimbidwa. Wartini anawerenga zilembo za mzere woyamba ndi chala kuti apeze chuni chake, kenako anayamba. Nyimboyo inali m'chiyankhulo cha tsiku ndi tsiku, ndipo inkanena za chaka chimene phiri lamoto la kwawoko linaphulika: mmene usana unasandukira mdima, mmene matope otentha anatsikira ndi mtsinje n'kukwirira kamudzi ka m'mphepete mwake. Kamudziko n'kumene a Men Lodri anabadwira. Iwo anapulumuka ali ndi zaka zisanu ndi zinayi chifukwa tsikulo anatumidwa kutsidya. Amuna awo sanali a kumeneko, ndipo iwo sankakonda kukamba za kumeneko.

Anapaka tsamba lachiwiri, lachitatu, akupatsira Wartini. Nyimbo inayamba kuyenda nyumba ndi nyumba, kuchokera kumtunda kwa mudzi, ikutchula munthu aliyense ndi chimene ankadziwika nacho. Wosula zikwakwa amene ankagontha khutu limodzi. Mayi woweta abakha amene ankatukwana abakha ake ndi mayina a alamu ake. Mphunzitsi wina wa mbiri yakale anavula magalasi n'kunena kuti mabuku amene iye anawaona anangolemba chiwerengero cha akufa, dzina ngakhale limodzi ayi.

Pa tsamba lachisanu ndi chiwiri nyimbo inafika pa nyumba ya pafupi ndi mtengo wa mango. Inatchula mayi woluka mphasa, ndi kamwana kake Nyoman Rinten ka zaka zinayi, kamene kankakana kuyenda popanda kugwira nsalu ya mkulu wake.

A Men Lodri anakhala pansi pomwepo, osafuna mpando. Nyumbayo inali ya kwawo, ndipo Rinten anali mng'ono wawo. Anakumbukira mmene amuna awo, m'zaka zakhungu zija, ankawafunsira mafunso osayembekezeka ali pakati potsuka mbale. Kodi kuseri kwa nyumba yanu kunkakhala ndani? Nanga mng'ono wako uja ankatani? Iwo ankayankha mokalipa, akumva chisoni kuti mutu wa mkuluyu wathadi. Osadziwa kuti akuwatapa mudzi wonse pang'onopang'ono, n'kumausunga m'masamba.

Wartini anasiya kuimba. "Agogo, tipume kaye?"

"Ndionetse pamene pali dzina lake."

Wartini anagwada, nagwira chala chakuda chija n'kuchiika pa zilembo zochepa za mzere wachiwiri. A Men Lodri anazisisita pang'onopang'ono, akumva mmene kampeni kanalowera. Misozi inkatsika, iwo osaipukuta. Woyendetsa msonkhano anayandikira n'kunong'oneza Lodri kuti nthawi ya nkhomaliro yakwana, koma m'holo monse panalibe amene anaimirira.

"Ofuna kudya apite," anatero a Men Lodri, akutambasula dzanja. "Lodri, ndipatse tsamba linalo. Kumunsi kwa mudzi kudakali anthu."